NDEGE YA M'CHIPERONI: YAMBANI MWAFUNSA A KU KACHULU

 Juni wafika, ndipo wabwera ndi alendo ake awiri aja osaitanidwa: chiperoni kumtunda, mwera kunyanja. Ogulitsa majuzi a kaunjika akumwetulira, amayi a tiyi ndi zitumbuwa nawonso zawayendera. Koma kwa inu amene geni yanu imafuna kukwera chinthu sabata ndi sabata, miyezi imeneyi ndi yoyenda mutatsegula maso.

Sabata ino tikamba za ndege. Eee, ndege yeniyeni ya injini ndi mapiko, osati ya lichero ija imagwa padenga la eni ake mafuta akatha. Funso ndi ili: munthu amene akufuna kandege kake kakang'ono koyendera kuntchito kapena kugeni, ngakhale m'nyengo yozizira, agule kotani?

Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka, mukuti mnyamatayu wasuta chiyani lero, ife mpamba wa matemba ukutivuta iye akutiuza za ndege. Dekhani, achimwene. Dekhani, achemwali. Amene amapita ku Kachulu kukapikula nsomba amadziwa kuti msewu wake umadzera cha ku Airwing, ndipo palibe amene sadakwezeko maso kumwamba n'kunena mumtima kuti ndikadakhala nayo imeneyo. Komanso funso la ndegeli ndi lomwe lija mumadzifunsa mukaima padoko, maboti atatu ali patsogolo panu, mphepo ikuwomba, ndipo muyenera kusankha loti mukwere. Wogula ndege ndi wokwera boti onse akugula chinthu chimodzi: kufika kwawo ali moyo.

Tiyambe ndi nyengo yomwe. Ku Ulaya ndi ku America, mdani wamkulu wa kandege m'miyezi yozizira ndi madzi oundana. Amamatirira pamapiko, ndege imalemera, mphepo imasiya kuinyamula bwino. N'chifukwa chake kumeneko amene ali ndi ndalama amagula ndege yokhala ndi zida zosungunulira kapena zoswera madzi oundanawo. Kuno kwathu mdani ndi wina. Mphepo yachinyezi imachokera kunyanja yamchere ya India, n'kudutsa Mozambique, komwe kuli phiri la Chiperone lomwe lidapatsa dzina nyengoyi. Ikafika pamapiri athu imasanduka mitambo yotsika, nkhungu ndi kamvula kowaza, kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, nthawi zina masiku atatu kapena anayi osaliona dzuwa.

Tsono taonani dziko lathu mmene lidakhalira. Nyanja ya Chilwa ili pa mamita opitirira pang'ono 600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Phiri la Zomba, lomwe mumaliona bwinobwino muli ku Kachulu, limapitirira mamita 2,000. Kumwera kuli Mulanje, nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002. Wopita ku Lilongwe akumananso ndi phiri la Dedza. Tsiku la chiperoni mapiri onsewa amavala bulangete, ndipo mtambo umene uli ndi mwala mkati umaoneka chimodzimodzi ndi mtambo wopanda kanthu.

Pamsika wa tindege, mitundu imene imatchuka ndi itatu. Pali Cessna 172, ya injini imodzi ndi mipando inayi, yomwe ambiri amaphunzirira. Imeneyi, kunja kuli bwino, ikhoza kukuchotsani ku Zomba n'kukakutulani ku Lilongwe mu ola limodzi ndi mphindi zochepa, ulendo woti pa basi mumakhala theka la tsiku. Pali Cessna 206, ya mipando isanu ndi umodzi, yonyamula katundu wambiriko ndipo siopa bwalo lafumbi. Ndiye pali Cessna Caravan, yaikulupo, yomwe injini yake imamwa mafuta a mtundu wa palafini ngati ndege zikuluzikulu. Ziwiri zoyambazo zimamwa petulo wapadera wotchedwa avgas, yemwe sapezeka pabwalo lililonse. Inu amene mudagonapo pamzere wa mafuta pa filing'i siteshoni mukudziwa tanthauzo la kukhala ndi galimoto yomwe mafuta ake ndi osowa.

Koma dzina la ndege si nkhani yaikulu. Nkhani yagona pa kauluke kake, ndipo kauluke kali pawiri. Koyamba ndi kouluka ndi maso: woyendetsa amayang'ana pansi, uwo msewu, uwo mtsinje wa Shire, ilo phiri, ndipo malamulo samulola kulowa mumtambo. Kachiwiri ndi kouluka ndi zida: woyendetsa saona chilichonse kunja, amangodalira mawotchi a kutsogolo kwake ndi mawu a oyang'anira ndege pawailesi. Kachiwirika kamafuna zinthu zitatu pamodzi: ndege yokhala ndi zidazo, woyendetsa amene adaphunzira n'kupatsidwa chiphaso chake ndipo amayeserera kawirikawiri, komanso bwalo lokatera lomwe lili ndi njira yovomerezeka yotsikira mumtambo. Chimodzi chikasowa, zinazo n'zokongoletsa chabe.

Mwina mukuti kulowa mumtambo pang'ono pokha kungavute chiyani. Ku America, pa University of Illinois, m'chaka cha 1954, adayesa oyendetsa ndege 20 omwe sadaphunzire kuuluka ndi zida. Adawaphimba kuti asaone kunja. Onse ndege idawapulumuka m'manja, ndipo powerengera pakati-kati zidatenga masekondi 178 okha. Mphindi zitatu sizidakwane, nthawi yoti mayi wa pamsika sadamalize kuwerenga chenji. Thupi la munthu likasowa poyang'ana limanama: limakuuza kuti uli chilili pamene ndege yapendekeka kale.

Palinso tina tobisika ta m'nyengo yozizira. Tindege tambiri takale tili ndi kabyuleta, ndipo kunja kukakhala chinyezi madzi amatha kuundana m'kati mwa kabyuletayo ngakhale inu simukunjenjemera, injini n'kuyamba kutsamwa. Ndiye pali utsi. Okonda mpira mukumukumbukira Emiliano Sala, mnyamata wa ku Argentina amene adagulidwa ndi Cardiff City kuchokera ku Nantes. Pa 21 Januwale 2019, usiku wa nyengo yozizira ya kumeneko, adakwera kandege ka injini imodzi ka Piper Malibu, ndipo kadagwera m'nyanja ya pakati pa France ndi England. Ofufuza adapeza kuti m'magazi mwake mudali mpweya woipa wochokera ku utsi wa injini, komanso kuti woyendetsayo adalibe chilolezo chouluka usiku kapena chonyamula anthu olipira. Mpweya umenewo ndi womwe uja umapha anthu kuno mu Juni akagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mawindo. Sununkha, suoneka, umangokugoneka tulo.

Ndiye wina anena kuti, chabwino, ndigula yaikulu, ya injini ziwiri, ndilembe ntchito akatswiri. Apa ndi pomwe mtima umawawa, chifukwa yankho tidalilandira tonse ngati dziko.

Pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali athu, omwe ali ndi bwalo lawo ku Zomba konkuno, idanyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe nthawi ili 9:17 m'mawa kupita ku Mzuzu. Idali Dornier 228, ya injini ziwiri, osati kachidole ayi. Ulendo wake udali wa mphindi 45 zokha. Idanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Dr Saulos Chilima, mayi Shanil Dzimbiri ndi ena, paulendo wa kumaliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Siidafike. Idapezeka mawa lake m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 atamwalira. Mizimu yawo iuse mumtendere.

Ndikudziwa kuti pa nkhani imeneyi mitima ya ambiri siidakhazikike, ndipo aliyense ali ndi ufulu wofunsa mafunso, ndiyo demokalase tidavotera mu 1993 ija. Ine pano ndingotenga zomwe adalemba akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany, dziko lomwe lidapanga ndegeyo, mu lipoti lawo lomaliza la mu Juni 2025. Iwo adati ndegeyo inkauluka mwa maso, motsika, nyengo isali bwino, ndipo idalowa m'mitambo n'kuwomba mtunda wokwera. Adapezanso kuti idalibe makina ojambula mawu ndi kayendedwe ka ndege. Kachipangizo kofuula pawailesi ndege ikagwa, koti ofunafuna adziwe pomwe ili, batire lake lidatha ntchito mu 2004. Zaka 20, abale anga, batire losasintha!

Phunziro lake ndi lowawa koma ndi losavuta kumva. Injini ziwiri siziboola nkhungu. Ndege yabwino m'chiperoni ndi imene mwini wake amatha kuisiya pansi n'kukwera galimoto, kapena kungokhala osapita. Amene akuti ndikufuna ndege yoti Lolemba lililonse ndizinyamuka zivute zitani, ameneyo sakugula ndege, akugula bokosi lokwera mtengo. Ulendo wa tsiku limodzi ukhoza kudikira dzuwa. Ulendo wa sabata ndi sabata ndi umene umapha, chifukwa tsiku loipa lidzakupeza ndithu, ndipo udzakhala utazolowera kufika.

Za mtengo ndingokumbutsa chimodzi. Mu 2009 boma la Bingu wa Mutharika lidagula ndege ya mtsogoleri ya Dassault Falcon 900EX pa madola pafupifupi 22 miliyoni, a ku Britain n'kukwiya mpaka kudula thandizo. Mu 2013 boma la Joyce Banda lidaigulitsa pa madola 15 miliyoni. Ngati boma lathunthu lidaona kuti ndege ndi ng'ombe yodya kwambiri kuposa mkaka wake, nanga iwe ndi ine? Kugula ndi tsiku limodzi. Makaniko, inshuwalansi, malo oimikapo ndi ziphaso ndi za tsiku lililonse, iuluke isauluke.

Tsopano titsike pansi, tifike padoko la Kachulu, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni ya Zomba, pomwe pali ndege zathu za ife amphawi. Apa ndi pomwe maboti amanyamukira kupita pachilumba cha Chisi ndi kutsidya, ndipo apa ndi pomwe matemba, makumba ndi milamba ya m'misika yanu imayambira ulendo.

Alendo ambiri amainyoza nyanja ya Chilwa. Amati ndi chithaphwi chabe, malo ambiri nsungwi imafika pansi. N'zoona ndi yosaya, koma kusaya komweko ndiko kuopsa kwake. Mwera ukawomba pamadzi osaya, mafunde amakhala afupiafupi, otsatizana, oima ngati mizere ya m'munda, ndipo boti lisadatsike loyamba lachiwiri lafika kale. Pansi pake si mchenga woti uimepo, ndi matope omeza mwendo. Onjezerani kuzizira kwa Juni, chitenje chonyowa, ndi mwana kumbuyo. Munthu amamira m'madzi ofika m'khosi.

Choncho mafunso a wogula ndege aja, afunseni inunso musadakwere.

Loyamba, yang'anani m'mbali mwa boti anthu ndi katundu atakwera kale. Kuchokera pamadzi kufika pamlomo wa boti patsala malo otani? Ngati chikhatho chanu chimodzi chikukwanira kutseka mpatawo, tsikani. Woyendetsa ndege wanzeru amayeza katundu pasikelo asadanyamuke. Ife timakweza matumba a mpunga, njinga, madengu a nsomba, mbuzi, kenako kondakitala n'kumati sunthani pang'ono alowe awiri awa.

Lachiwiri, injini ikazima pakati pa nyanja pali chiyani? Injini yachiwiri ya boti la pa Chilwa ndi nkhafi ndi nsungwi zokankhira. Zionekere ndi maso anu. Funsaninso ngati muli mafuta apadera m'chigubu, chifukwa ulendo wolimbana ndi mphepo umamwa mafuta ambiri kuposa wa tsiku la bata. Chokapira madzi chikhalepo, ndipo ngati mnyamata wayamba kale kukapa boti lisadachoke padoko, mwauzidwa zonse.

Lachitatu, majekete oyandamitsa munthu. Ambiri timachita nawo manyazi, ati tioneka amantha, ati ndi za azungu. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ngati mumawoloka sabata iliyonse, sonkhani pagulu lanu la banki m'khonde mugule anuanu. Mtengo wake sufika pa mtengo wa bokosi ndi chakudya cha pamaliro.

Lachinayi, batire lija la 2004. Lanu ndi la foni. Itchajeni usiku, muikulunge m'jumbo, muimangirire m'thupi osati m'dengu. Musadanyamuke uzani wina wa kumtunda kuti mwakwera boti la uje, nthawi yakuti, mukafika nthawi yakuti. Ofunafuna sangakupezeni ngati sakudziwa kuti mwasowa. Ndalama za mpamba nazonso zisungeni mufoni, pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, osati zonse pamfundo ya chitenje. Munthu womangirira mpamba wonse m'chiuno amakakamira dengu pamene akadagwira thabwa.

Lachisanu ndiye lalikulu kuposa onse: woyendetsa. Musafunse kuti amathamanga bwanji. Funsani anthu a padoko ngati adakanapo kunyamuka. Woyendetsa amene amayang'ana kumwera n'kunena kuti lero ayi, tidikire, ngakhale anthu akumutukwana ndipo mnzake wa boti lina akutenga makasitomala ake, ameneyo ndiye wanu. Gwirani nambala yake. Amene amadzitama kuti ine mwera sundiopsa, ndidabadwira pamadzi, ndiponso kafungo ka kachasu kakumveka m'mawa, musiyeni apite yekha. A zanyengo amalengeza pawailesi mwera ukamabwera panyanja zathu, ndipo Chilwa amaitchula. Kumvera sikulipiritsa.

Koma tinene chilungamo, nthawi zambiri wokakamiza ulendo si woyendetsa. Ndife. Ndife amene timati nsomba ziwola, mawa ndi tsiku la msika, ngongole ya katapila ikudikira. Ndife amene timati kumaliro sitingalephere, anthu adzati chiyani. Mu Epulo 2023 bwato lidagubuduzika pamtsinje wa Rusa ku Mchinji, anthu n'kufa, ndipo nawonso adali paulendo wa kumaliro. Maliro amodzi adabala maliro ena. Mwambo wathu wolirana ndi wabwino, koma palibe malemu amene adapemphapo kuti abale ake amutsatire tsiku lomwelo.

Mankhwala a kukakamizaku ali m'kawerengedwe ka geni. Makumba aawisi sadikira, amakuyendetsa ngati bwana. Matemba ouma ndi milamba yowamba imadikira mawa, ngakhale mkuja. M'miyezi ya mwerayi, amene mumawoloka nokha, tsamirani ku zouma. Powerengera mtengo wa ulendo, ikanimo ndalama ya usiku umodzi wogona kutsidya ndi nsima yake, ngati mmene mumaikiramo ya chiphaso cha msika. Mukabwera tsiku lomwelo, ndalamayo ndi phindu. Mphepo ikavuta, simukhala ndi chifukwa chokakamira boti lomaliza la madzulo. Kapena gwirizanani ndi wina wa pachilumba wokhulupirika azikutumizirani katundu, inu muzimulandirira pa Kachulu. Kuthamanga sikufika.

Kwa inu amene geni yakula ndipo mukuganiza zogula boti lanulanu, kumbukirani kuti nyanja iyi ili ndi khalidwe lake. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangodalira mvula ndi mitsinje ngati Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Idauma mu 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 madzi adathawa mpaka maboti kukhala pamatope osweka ngati ng'ombe zakufa. Boti lalikulu la injini yamphamvu ndi lokoma chaka cha madzi ambiri, koma madzi akatsika limakhala loyamba kutitimira, pamene kabwato kokankha ndi nsungwi kakudutsa m'mipata ya mabango. Chimodzimodzi ndege: yothamanga kwambiri imafuna bwalo lalitali la phula, ndipo ku Kachulu kulibe. Chokwera chimasankhidwa poyang'ana kokatera ndi tsiku loipitsitsa la chaka, osati tsiku lojambulitsa chithunzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa akuluakulu oona za maulendo a pamadzi, apolisi, ndi aphungu a madera ozungulira nyanjayi, pempho langa ndi laling'ono. Nthawi ya kampeni mumafika ku Kachulu ndi ku Chisi, njira mumaidziwa. Fikaninso mu Juni. Boti lililonse lonyamula anthu lilembedwe pambali chiwerengero chomwe liyenera kunyamula, ndi penti yooneka, kuti ngakhale agogo osadziwa kuwerenga mdzukulu awawerengere. Padoko pakhale munthu wokhala ndi mphamvu zoletsa boti kunyamuka mphepo ikakula. Musadikire kubwera ndi nkhata za maluwa ndi mawu achipepeso.

Ndiye amene mudafunsa za kandege, yankho ndi ili: ngati thumba likulola, gulani yokhala ndi zida zoulukira mumtambo, phunzirani kuzigwiritsa ntchito mpaka zilowe m'magazi, ikanimo kachipangizo kochenjeza za utsi, sinthani mabatire pa nthawi yake, ndipo galimoto yanu musagulitse, chifukwa masiku ena a Juni ndi Julaye idzakhala ndiyo ndege yanu. Enafe a matemba, tiyeni tizisankha boti la woyendetsa wamantha. Kasitomala amene wakusowani Lachiwiri adzakupezani Lachinayi, adzadandaula pang'ono, kenako adzagula.

Sabata yamawa tidzakamba za sikelo za ogula mpunga, zomwe zimaonda zikaona mlimi n'kunenepa zikafika m'tauni. Mpaka pamenepo, valani juzi, ndipo mbaula igone panja.